Unyolo pa Chipata cha Kukasupe

Genova,
Okutobala

Okondedwa achimwene a Bachisio,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Bonaria ndi ana. Nanga msana uja ukukulolani kugona? Amayi anandiuza pafoni kuti mukuyenda mopendekera ngati bulu amene amusenzetsa mbali imodzi, koma munthu akakufunsani mumati palibe chikuvuta. Pitani kuchipatala ku Nuoro. Msana suchira chifukwa choti mwini wake ndi wamakani.

Ine ndili bwino. Sukulu tinatsegulira, ndipo chaka chino andipatsa ana amene amaganiza kuti kwathu ku Sardinia kuli nyanja ndi mahotela basi. Mvula yayamba msanga kuno. Khoma la kuchipinda kwanga layambanso nkhungu, ndipo mwini nyumba akuti olakwa ndine chifukwa ndimaphika madzi a khofi mawindo ali otseka. Chikepe cha m'nyumba yathu chinafa mwezi watha, moti njinga ndimakwera nayo masitepe ili paphewa. Koma izi n'zazing'ono.

Ndalemba kalata chifukwa ndikangotchula chipata pafoni mumadula. Chonde werengani mpaka kumapeto, chifukwa chimene ndikupempha si chimene mukuganiza.

Za mu Ogasiti ndazimva kwa amayi, kwa alamu ndiponso kwa dotolo wa ziweto, ndipo onse akunena zofanana. Munasiya chipata cha kukasupe chotsegula kuti nkhosa zizikamwa madzi, n'kuika mwala patsinde pake monga ankachitira abambo. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti chipata chokhala ndi mwala sachikhudza. Inu munapita ndi amuna anzanu kukazimitsa moto kuphiri. Alendo awiri anadutsa pa njinga zawo, anaona chipata chili pululu, anaganiza kuti mlimi waiwala. Anagubuduza mwalawo, anatseka, anamanga ndi waya bwinobwino. Pamene munkabwerako nkhosa zinali zitaunjikana pachipatapo, madzi zikuwanunkhiza kuseri kwa khoma. Zimene zinafa zambiri zinali zabere, kutanthauza kuti ana a nkhosa a mu Novembala mulibe, mkaka wa nyengo yozizira nawonso mulibe. Sindikuchepetsa chilichonse mwa zimenezi.

Lachinayi lapitali ndinali kumsonkhano wa bungwe la opalasa njinga limene limakonza mapu a njira zafumbi. A Fulvio, amene amayang'anira njira za kuchilumba kwathu, anandionetsa chithunzi chimene alendo aja anaika pa intaneti tsiku lomwelo. Aima pachipata chanu akumwetulira, pansi alemba kuti athandiza m'busa woiwalaiwala. Sanachite mwankhanza. Kwawo anawaphunzitsa kuti munthu waulemu amatseka chipata chilichonse, ndipo anachita monga anaphunzirira. A Fulvio anati bungwe likupepesa, ndipo anandifunsa ngati mchimwene wangayo ndi munthu woti n'kukambirana naye. Ndinawayankha kuti akhoza kuyesa ngati ali ndi inshuwalansi.

A Fulvio anati popeza mwatseka chipata ndi unyolo ndi loko, n'kumatsegulira nkhosa zanu zokha, ndipo opalasa akubwerera panjira akudandaula, mapu atsopano a mu Novembala adzadutsitsa njira ija kuchigwa china cha kunyanja. Sikuti akuopseza. Munthu sangatumize alendo kunjira yotseka.

Ndinafufuza ngati pali lamulo lokukakamizani kutsegula. Palibe. Kanjira kaja kali pamalo athu, sikanalembedwepo kuti n'ka boma, ndipo anthu ankadutsapo chifukwa choti abambo sankaletsa. Ndinaganiziranso njira zina. Chikwangwani sichithandiza, chifukwa munthu wotsetsereka pa njinga sawerenga, komanso muyenera kuchilemba m'zinenero zingati? Chipata chodzitsekera chokha ndiye chingaphe nkhosa zotsalazo. Kukokera madzi mbali ya nkhosa kumafuna pampu ndi magetsi, kumtunda kuja kulibe. Kulambalala khoma n'kosatheka chifukwa cha phompho. Ndayang'ana mapu mpaka maso kuwawa, ndipo ndavomereza kuti mutu wanga wagoma.

Mumati ndine ndinabweretsa masoseji a pamawilo, mmene mumawatchulira apanjinga, m'mudzi mwathu. N'zoona, njira ija ndinawaonetsa ndine, ndipo makabudula awo othinawo inenso ndimavala, sekani mmene mungathere. Ndinkaiona kuti ndi yabwino kuposa zonse zimene ndapalasapo: miyala yoyera ikulira kunsi kwa matayala, mitengo ya maolivi, palibe galimoto ngakhale imodzi kuyambira m'mawa mpaka masana. Koma chimene chinkandikoka kwambiri n'chakuti imatsikira pakhomo penipeni pa kantini ya amayi.

Tsopano ndinene za kantiniyo mosabisa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. M'mudzi mwathu sukulu inatsekedwa, positi ofesi imatsegula kamodzi pa sabata, wansembe amabwera akapeza mpata. Khomo lokhalo limene limatsegulidwa tsiku ndi tsiku ndi la amayi. Makasitomala awo a m'mudzi ndi madala aja osewera makadi, amene amagula khofi mmodzi n'kukhala mpaka dzuwa kupendeka akunyozana za nkhosa zimene anagulitsa kalekale. Kantini yakhala ikuyenda chifukwa cha apanjinga a mu Epulo mpaka Juni ndi a mu Seputembala. Amafika ali ndi njala ya galu, amadya buledi wathu wopyapyala ndi tchizi chanu chomwecho, ena amagulanso chopita nacho. Njira ikasamuka, sadzatsikanso kumudzi. Palibe amene amakwera phiri kuchokera kunyanja kuti akangomwa khofi n'kubwerera.

Sindikunamizani kuti unyolo wanu ndiwo wapha mudzi. Ndinawerenga ziwerengero za anthu a m'midzi ya kumapiri kwathu, ndipo zikutsika chaka ndi chaka kuyambira tisanabadwe. Ngakhale mutatsegula mawa, kantini ikanakhala zaka zochepa chabe, mpaka miyendo ya amayi itakana. Mlendo ndi mame. Ine ndinkangofuna kuti zaka zochepazo amayi azikhale ali pakhomo pawo, ali ndi chodzukira m'mawa.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti amayi sakudziwa za mapu atsopano. Lamlungu anandiuza akuseka kuti ndisadere nkhawa, mkwiyo wa amuna a m'banja mwathu umasungunuka mvula yoyamba ikagwa, abambo ankatero. Anati Bachisio ndi ng'ombe yongofwenthera, nyanga ilibe. Koma ine sindikuona choncho. Ndimakudziwani. Abambo ankakalipa kenako n'kuiwala, inu simukalipa ndipo simuiwala.

Kenako anandiuza zimene akukonza. Apempha msuweni wathu Gonario kuti adzapake laimu m'chipinda cha abambo cham'mwamba, n'kuikamo mabedi awiri, kuti ana awo anjala aja, mmene amawatchulira apanjinga, azigona konko m'malo mothamangira kunyanja. Zovala za abambo azilongedza kale m'makatoni, zimene anakana kuchita kuyambira tsiku la maliro. Akuphunziranso mawu a Chijeremani kwa mwana wanu Itria, ndipo anandiyesera pafoni mmene amanenera kuti takulandirani, idyani. Anandifunsa ngati akutchula bwino. Ndinati inde.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sindikuti chotsani unyolo. Nkhosa zinali zanu, munazikwirira nokha, ndipo ine amene ndimadya malipiro a kusukulu ndilibe pakamwa pokuuzirani zochita ndi chipata chanu. Ndikupempha kuti mutsike kumudzi, mukhale pansi ndi amayi, muwauze pamaso kuti simudzatsegula, kaya mvula igwe kaya isagwe, ndipo kuti njira ikusamuka. Muchite zimenezi Gonario asanayambe ntchito. Ndikawauza ine pafoni adzati ndi maganizo a m'mabuku anga, mwana wawo wamwamuna amamudziwa okha. Adzakhulupirira inu basi. Mukapanda kutero, mu Epulo adzatulutsa mipando panja, adzadula tchizi, adzakhala pakhomo akuyang'ana kumtunda, ndipo adzazindikira pang'onopang'ono, madala aja akuwaonerera. Zimenezo musalole.

Mukawauza, musawalonjeze chilichonse chowatonthoza. Muwauzenso kuti kuno kuli malo. Kachipinda kamene ndimasungiramo mabuku ndi njinga ndayamba kukakonza. Windo lake limayang'ana khoma la nyumba ina, ndipo ndi masitepe athuwa sindikudziwa ngati adzatsika kawiri pa sabata. Adzakada, ndikudziwa, ndipo adzanena kuti ndawatsekera m'khola ngati nkhuku. Komabe n'kofunda, ndipo chipatala chili pafupi. Ngati inu ndi alamu muli ndi nzeru ina yoposa iyi, ndiuzeni, ndidzaimva mosangalala. Ine ndasowa.

Pa Khirisimasi ndidzabwera pa sitima ya pamadzi ya usiku monga mwa masiku onse. Njinga sindidzabwera nayo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Bonaria, ndipo muwathokoze chifukwa cha tchizi chimene anatumiza. Moni kwa Itria ndi mng'ono wake, kwa azakhali a Michelina, muwauze kuti mankhwala a maso aja ndawapeza, kwa amalume a Efisio ngati akumvabe, ndi kwa Gonario. Amayi musawapatse moni wanga. Akadziwa kuti ndakulemberani adzafuna kuona kalata, ndipo ndikufuna amve kuchokera pakamwa panu.

Ndine mlongo wanu,
Pasqualina