Mkaka wa Zuhura

Ulongwe,
14 Ogasiti, 1984.

Okondedwa alamu anga a Mwajuma,

Salaam aleikum. Muli bwanji kumeneko ku Nayuchi, inu, achimwene a Uladi ndi khanda lanu Sadiki? Kuno amuna anga a Sumani ali bwino, koma ine ndi mwana wathu Zuhura iyayi.

Chibadwire Zuhura magazi sanasiye. Kuchipatala ku Blantyre andipeza ndi chotupa m'chiberekero, akuti ndi khansa. Adokotala anati mtundu umenewu umamva mankhwala. Tsiku lina amandibaya jekeseni wopha chotupacho, m'mawa mwake amandimwetsa mapiritsi oteteza thupi labwino kuti lisapsere limodzi, monga timalambulira m'mbali mwa nkhokwe tisanatenthe tchire.

Panopa andibweza kunyumba kuti magazi abwerere m'thupi, koma mutu wanga suli kuno. Masana ndikatsamira chipupa ndimaona Shire atasefukira mpaka pabwalo pathu, madzi ake oyera ngati mkaka. Ndimayandama m'bwato lopanda nkhafi, mopepuka, osamva ululu, ndipo sindifuna kufika. Kenako ndimamva mwana akulira kutsidya. Ndikatsegula maso, ndi Zuhura, ali pamphasa pafupi ndi mwendo wanga.

Alamu, anamwino anandiletsa kuyamwitsa. Akuti mankhwalawa amatsikira m'mawere. Mkaka wanga ndimaufinyira pansi kuseri kwa nyumba, Zuhura akundiyang'ana. Wam'chitini ukumutsegula m'mimba, ndipo mikanda ya m'chiuno mwake ija ikuvuka yokha.

Sadiki akadali kubere. Chonde kwerani sitima, mutsikire pa Liwonde, a Sumani adzakuchingamirani. Mudzamutenge Zuhura, mukamuyamwitse.

Ndinafunsa a shehe. Anati ana oyamwa bere limodzi ndi mlongo ndi mlongo wake, sangakwatirane. Mukukumbukira tili ndi pakati tonse awiri, tikusinja mpunga, tinkaseka kuti asuweni awa tidzawamangitsa ukwati wa nikaha. Ndinalira nazo, kenako mtima unakhala pansi. Ndinkafuna mudzakhale apongozi ake. Khalani mayi ake.

Ndikachira, Insha Allah, ndidzabwera ndekha. Zuhura akadzandithawa n'kubisala kuseri kwa chitenje chanu, musadzamukalipire.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze asandibisire ngati nkhaniyi yawalemera. Moninso kwa amayi anu ndi onse a pakhomo. Allah akusungeni panjira.

Ndine mlamu wanu,
Zaina