Madzi a mu Shire Aja

Bambo a Tamanda,

Ndinali pakati pochapa pomwe aphunzitsi aimba foni kuti Tamanda watsekula m'mimba, akusanza moti sakutha kuima. Ndikukamutenga pa kabaza, tipite kuchipatala.

Zikomo kwambiri, adokotala a pa WhatsApp. Munangomva kuti madzi a pamjigo ali ndi fuloraidi wodetsa mano, basi mjigo mwatiletsa, tizitunga mu Shire momwe zimamwa ng'ombe za mudzi wonse. Nditati tithire klorini, inu munati ayi, madzi a Mulungu safuna mankhwala. Inuyo munakulira mjigo, mano anu ofiira ngati dzimbiri, koma chimanga chokazinga mumakukuta ndithu, ndipo ine ndinakulolani muli choncho.

Mukafika tayani madzi onse a mumtsuko, muutsuke, mukatunge pamjigo nokha, azimayi akusekeni bwino. Mufufuze buku lake la kuchipatala, ine ndalisowa, mubwere nalo pamodzi ndi zitenje ziwiri. Pepani, ndiwo sindinaphike, mudyere foni yanuyo.

Za manozo tidzafunsa a zaumoyo Tamanda akachira. Ine ndikufuna mwana wamoyo, ngakhale mano ake adzafanane ndi anu.

Make Tamanda