Chipilala Chachinayi

Lachisanu, 18 Epulo

Afika. Mwana wanga Ferda wanenepako, zamukhala. Mwamuna wake Noboru yemwe uja, wowonda ngati singano. Kuwerama pakhomo, kuwerama pa masitepe, kuweramira ngakhale mphaka. Zaka zinayi osawaona. Ndalira pabwalo la ndege mpaka mpango kunyowa, sindibisa.

Mphatso za ku Japan: tiyi wobiriwira wonunkha udzu, tochi, ndi chipewa cholimba ngati cha omanga nyumba. Akuti ncha chivomezi. Ine wosoka madiresi a ukwati mu Istanbul muno zaka makumi atatu, lero chipewa cha amisiri. A Kadriye, mnzanga wokhala pamwamba penipeni pa shopu yanga, anakwera kudzaona mkamwini. Anachivala pamwamba pa mpango nati, "Nermin, chikakukanika undipatse, ndizisungiramo anyezi."

Nyama yakweranso mtengo. Theka la kilo, anyezi wambiri. Sanazindikire.

Loweruka, 19 Epulo

Mlendo wanji wosagona. Mamawa Noboru wakabwereka chobowolera khoma kwa a Muzaffer, wapampando wa eni nyumba ino. Kabati ya mbale waikhomerera kukhoma. Wadirobu, TV, zonse. Chithunzi cha malemu a Nazmi chimene chinali kumutu kwa bedi langa wachisamutsa, akuti chingandigwere. Ndamuuza Ferda kuti amumasulire: bambo amenewo anandikhala pamutu zaka zonse za ukwati ndipo sindinafe.

Munthu wa ku positi ofesi chabe, si injiniya. Koma kwawoko akuti ngakhale mwana wa ku mkaka amadziwa kothawira. Phiri lawo limalavula phulusa ngati ng'anjo, boma n'kumagawa matumba achikasu oolera. Zipatala zokhazikidwa pa mphira, nthaka ikagwedezeka nyumba imangovina. Mafoni kulira chivomezi chisanafike. A Muzaffer anamvetsera zonse tiyi ali m'manja, nati, "Nafenso tili nazo zotichenjeza, mwanawe. Agalu."

Nkhanga zinapangana kusanapse, inde. Koma nkhanga za kwawoko zinali ndi ndalama.

Lolemba, 21 Epulo

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, sananame.

Anapempha kiyi wa chipinda chapansi, komwe kale tinkasunga malasha. Anatsika ndi tochi. Potuluka analowa m'shopu, ine ndikusokerera mikanda. Anayenda uku ndi uku, n'kukaima pa kansanja kozungulira komwe akwatibwi amaimapo ndikamawayesa diresi. Maso kudenga. Chiyankhulo chathu amadziwa mawu khumi okha, koma lero anakwana. "Amayi, pansi zipilala zinayi. Muno zitatu."

Singano inandibaya. Ndinati ndikawiritse tiyi.

Ndilembe basi, pepala siliulula. Chaka cha 1994. Shopu yatsopano, chipilala pakati penipeni. Mkwatibwi akatembenuka diresi kukola, pagalasi kuoneka theka la munthu. A Nazmi anati chipilala chimodzi n'chiyani, zatsala zitatu. Masiku atatu ndi nyundo yaikulu, zenera titamata nyuzipepala, aneba tinawauza kuti tikukonza mipope ya madzi. Chitsa chake chili pansi pa kansanjako. Kudenga tinamata duwa la laimu n'kupachikapo nyale. Ine ndinkasesa zidutswa zake, ndikuseka.

Pamwamba pake nsanjika zisanu. Mabanja asanu ndi atatu, ambiri a penshoni. Palibe akudziwa.

Lamulo lake ndi loti mwini nyumba mmodzi yekha akapempha kuti adzayeze, ainjiniya n'kupeza kuti ndi yoopsa, nkhani yatha. Miyezi itatu tonse panja, nyumba pansi. Boma limathandizako, koma thandizo lake ndi bulangete lalifupi. Lendi ya masiku ano imameza penshoni yonse n'kufunsa ngati pali ina. Ndikaulula ndawathamangitsa anzanga m'nyumba zawo. Ndikakhala chete akugona pa mpando wa miyendo itatu.

A Nazmi, inu ndiye munachenjera. Mwakagona komwe kulibe chokugwerani.

Lachitatu, 23 Epulo

Ndikulemba ndili m'paki, kope pa bondo.

Nthawi isanakwane wani koloko masana. Lero holide ya ana, koma ine ndinatsegula, maukwati a Meyi ali pafupi. Mkwatibwi pa kansanja, mapini ali kukamwa kwanga. Kenako phokoso lochokera pansi, ngati lole yalowa m'nyumba. Nyale kuvina. Fumbi loyera kuchokera pa duwa lija kugwera pa velo. Sindinapemphere n'komwe, ndinangoyang'ana kudenga. Ndinamukoka mtsikanayo mpaka pamsewu, opanda nsapato, diresi theka losoka. Amuna a pa shopu ya tiyi anamufunira mafuno abwino ali kuthawa.

Noboru anakokera mkazi wake pansi pa tebulo, kudikira kuti chileke, kutseka gasi, kenako kutsika mwaulemu wake atavala chipewa changa. Kabati sinagwe, mbale zonse zilipo. Ndidzamuyamikira mawa, lero anganyade.

A Kadriye ndiwo anachedwa. Mawondo aja, ndodo, ndi zidzukulu zawo ziwiri zimene zimagona kwawo mayi awo akakhala kuntchito. Ndinaima pamsewu kuyang'ana chitseko. Sindinaopepo chonchi chibadwire. Atatuluka ndinawakumbatira mpaka anati, "Ndisiye iwe, chivomezi chandilephera ndiye undiphe ndiwe?"

A Muzaffer akuzungulira m'paki ngati tambala. "Mwaona? Chivomezi cha 1999 inapirira, ichinso yapirira. Nyumba yathu ndi mwala." Noboru anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana nsapato zake.

Lachisanu, 25 Epulo

Tabwerera m'nyumba. Mng'alu kudenga, kuchokera pa duwa mpaka pakona. Wowonda ngati ulusi. Lachiwiri kunalibe.

Mkamwini sanauze mkazi wake za chipilala. Masiku anayi! Wakwathu akanalengeza pa basi. Ndamuuza ndekha Ferda tikusenda biringanya. Mpeni anauika pansi. "Ndiye ine ndakulira pamwamba pa dzenje, Amayi?" Analira, anakalipa, kenako akuti ndilongedze tipitire limodzi ku Japan, chipinda chilipo. Ndikatani ine kodya nsomba zosaphika? Nanga a Kadriye ndiwapinda ndiwaike m'sutikesi?

Mkwatibwi wa lero ndamuyesera pakhomo, pafupi ndi msewu. Ndati kumeneko n'kowala bwino.

Msonkhano wa eni nyumba Lamlungu. M'shopu mwanga monga mwa nthawi zonse, poti ndi malo okhawo otakasuka m'nyumba yonse. Chifukwa chake ndikuchidziwa ndine.

Lamlungu, 27 Epulo

Anthu khumi ndi mmodzi pa mipando ya pulasitiki, madiresi oyera atawazungulira. Tiyi, mabisiketi ogula. A Muzaffer anafunsa amene akufuna kuti nyumba iyezedwe akweze dzanja. Palibe. Aliyense kuyang'ana m'kapu.

Ndinaimirira. Ndinamukodola Noboru, tinakoka kansanja kaja. Chitsa cha konkire poyera, zitsulo zodula zadzimbiri zitatuluka. Ndinanena zonse: chaka, nyundo, bodza la mipope. Ndinati a Nazmi anadula koma ine ndinasesa, mlandu ndi wa awiri. Ndinadikira kulavuliridwa.

Kenako a Kadriye anaviika bisiketi mu tiyi. "Basi? Watiimika mitima chifukwa cha chimenechi? Masiku atatu nyundo ikugunda pansi pa bedi langa, mwana iwe. Mipope yanji yolira choncho?" Bedi lawo akuti analisunthira kukhoma lina chaka cha 1999. A pa nsanjika yachinayi ankadziwa. A yachisanu anauzidwa tsiku logula nyumba, mtengo unatsikako. A Muzaffer anakanda chibwano nati, "Nyundoyo inali yanga. Sanabweze n'komwe."

Tinaseka. Ine mpaka misozi, a Muzaffer mpaka kutsokomola. Zaka makumi atatu ndikubisa chinthu chodziwika ngakhale ndi mphaka. Kenako kuseka kunatha kokha, tonse maso pa chitsa.

Noboru anafunsa kudzera mwa Ferda kuti nanga poti ankadziwa, bwanji sananene. A Muzaffer anayankha mofatsa, sindinawamvepo choncho. "Umuuze kuti kuwerenga mpaka zinayi timatha. Kudziwa n'kwaulere. Kusamuka ndiye kodula."

A Muzaffer anafunsanso kuti ofuna akweze manja. Palibe, kupatula langa. Ndinati mawa ndikapempha ndekha kuti adzayeze, lamulo likundilola. Wina anati ndakhuta ndalama za mkamwini. Wina anati mwana wake adzandiona. A Kadriye anaimirira. Anatenga ndodo n'kutuluka, tiyi osamaliza, osatsanzika. Chiyambire kudziwana sizinachitikepo.

Zandipweteka kuposa mawu onse aja. Sindinadye.

Lolemba, 28 Epulo

Mamawa. Nsapato kuphazi, chikalata cha nyumba m'chikwama. Akwatibwi atatu ndawaimbira kuti ndizikawayesera kwawo. Ferda akuti andiperekeze, ndakana. Ndinasesa ndekha, ndikanena ndekha.

Ndiyeno kugogoda. A Kadriye, atakwera masitepe onsewa, jasi lawo la ku maukwati, maso otupa. Chikalata chawo m'manja. Sanalowe. Akuti ausiku wonse amayeza chipinda ndi mapazi. "Bedi langa ndinasuntha. La zidzukulu zija ndayesa makoma onse anayi, palibe kolisunthira." Ndinati a Kadriye, mukagona kuti nyumba ikagwetsedwa? Anati sakudziwa, ndisawafunse zopusa m'mawa.

"Ngati ukukatigwetsera nyumba, supita wekha ngati wakuba. Tiye. Koma takisi ulipira ndiwe, ndipo usalire pamaso pa akalaliki, umaoneka moipa."

Ndangolowa kudzatenga mpango wina, uwu wanyowa kale. Akukuwa pa masitepe kuti ndifulumire.