Thumba la Maphunziro m'Dzina la Malemu Aphunzitsi Edwadi Namakhwa

Mgwirizano wa Alimi a Mpunga a kwa Kuntumanji
Zomba
16 Julayi 1956

Kwa Mayi Dailesi Namakhwa, ana, abale onse a malemu, ndi anthu onse a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa,

Ife a Mgwirizano wa Alimi a Mpunga tadzidzimuka kwambiri, ndipo mitima yathu yasweka, pomva za imfa ya Bambo Edwadi Namakhwa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwathu kuno, amenenso anali mlembi wa bungwe lathu, omwe atisiya Lachinayi lapitali atadwala chibayo kwa masiku owerengeka. Mwezi watha womwewu tinali nawo pamsonkhano akulankhula ndi mphamvu zawo zonse, kotero kuti uthengawu utafika, ambiri a ife tinayamba takana, tikumati wamthenga wasokoneza dzina.

Ntchito za malemuwa sizifuna wozikometsera. Sukulu yathu anaipeza ili ya makalasi awiri, ana akukhala pansi pa mtengo, ndipo aisiya ili ndi makoma a njerwa, ikufika mpaka Sitandade 6. Ndi iwo amene anatiphunzitsa alimife kugulitsa mpunga pamodzi, m'malo moti aliyense azikanyengedwa yekha pamsika wa Songani, ndipo ulembi wa bungwe lino anaugwira osalandirapo kanthu. Koma chimene tidzawakumbukire nacho koposa ndi maso awo, omwe sankathera pabenchi la kutsogolo. Iwo eni mayeso a Sitandade 6 anakhoza ulendo wachiwiri, ndipo nkhaniyi sankaibisa. Ankaiuza ana poyera, kuti wogwa asaganize kuti wathera pomwepo.

Tiloleni kuti tinene za ulendo wawo womaliza wa ku Chisi, pakuti m'menemo muli zonse zimene munthuyu anali. Mnyamata wina wa pachilumbapo, Medson Mpasuka, amene ankakhala kwa azakhali ake kumtunda kuno kuti aziphunzira, anakhoza mayeso ndi kupeza malo ku sekondale, koma dzina lake linali pakati, kutali ndi aja amene amalandira chithandizo cha fizi. Bambo ake, a Pitala Mpasuka, omwe ndi msodzi, anamutenga kuti azikawathandiza kugwira matemba. Aphunzitsi atamva, anakwera bwato padoko la Kachulu mphepo ili mkati, nakawapeza a Mpasuka akusoka ukonde.

"Aphunzitsi, mwanayu sanakhalepo nambala wani," anatero a Mpasuka. "Chiyambire sukulu amangokhala pakati. Ndigulitse ukonde wanga chifukwa cha munthu wapakati?"

"Ukondewo musagulitse, bambo," anayankha malemuwa. "Koma tandiuzani, chaka chija madzi anadzaza madambo, ana anzake atakhala m'makomo, uyu anali kuti?"

"Azakhali ake akuti anali kusukulu kwanu, atanyowa mpaka m'khosi."

"Ndiye munthu amene ndamudzerayo. Nzeru zothamanga ndaziona zambiri zikuthera panjira, koma mwana wosagonja sindinamuonepo atabwerako chimanjamanja. Mundipatse nthawi mpaka tikolole."

Titakolola, anaimirira pamsonkhano wathu waukulu napempha kuti membala aliyense azipereka debe limodzi la mpunga pachaka, kuti tizilipirira ana otere sukulu. Si onse amene anavomera msanga. A Thomson Nampeya, amene tonse tikuwadziwa kuti sabisa mawu, anati, "Ngati tikuthandiza, tithandize wanzeru, kuopa kuti mpunga wathu ungalowe m'madzi." Aphunzitsi anawayankha mofatsa kuti, "Achimwene, wanzeruyo ali nawo kale omuona. A mishoni amamuona, a boma amamuonanso. Koma wapakatiyu akatsala amatsala mwakachetechete, ndipo mukawerenga bwino, ana athu ambiri ali pamenepo, anu ndi anga omwe." Anthu anakweza manja, mfundo ija inadutsa, ndipo patangopita milungu yochepa mwini mfundoyo anagona, mpunga usanasonkhedwe n'komwe.

Choncho komiti ya bungwe lino, itakumana dzulo pochokera kumapemphero, yagwirizana ndi mtima umodzi kuti ntchitoyi siima, ndipo kuyambira lero idzatchedwa Thumba la Maphunziro la Edwadi Namakhwa. Thumbali silidzafunsa kuti mwana anali nambala chiyani m'kalasi. Lidzafunsa ngati wapeza malo ku sekondale, ngati ankafika kusukulu m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, ndiponso ngati atalephera anabwerera kukayesanso. Lidzathandiza mnyamata kapena mtsikana, wa kumtunda kapena wa pachilumba, wa kutchalitchi kapena wa kumzikiti, popanda kuyang'ana nkhope ya makolo ake. Woyamba kuthandizidwa ndi Medson Mpasuka, ndipo bambo ake atumiza mawu kuti mwanayo amumasula, adzamuwolotsa okha sukulu ikamatsegulidwa. Tikufunanso kuti anthu adziwe kuti debe loyamba lafika kale kunkhokwe ya bungwe, ndipo amene analisenza pamutu, tsiku lomwelo limene tinaika maliro, ndi a Thomson Nampeya.

Tikudziwa kuti adzakhalapo ena otiseka, akumati alimi a kwa Kuntumanji akutayira mbewu pamwala. Ife sitikuchita mantha ndi mawu amenewo. Anthu amene lero akuyeza odwala m'zipatala, akuphunzitsa m'midzi ndi kulangiza alimi m'madambo muno, ambiri anadutsa m'manja mwa malemuwa, ndipo tikawafunsa, owerengeka okha ndi amene ankatsogola m'kalasi. Chaka chino tiyamba ndi mmodzi. Mvula ikatikomera, chaka chamawa adzakhala awiri kapena atatu, ndipo mwa iwo tikufunitsitsa mudzakhale mtsikana.

Kwa inu Mayi Namakhwa, tikuthokoza kuti ngakhale muli pakati pa misozi, mwalola pempho lathu loti mukhale mmodzi wa osankha anawa. Nthumwi zathu zitakufikirani mwamantha, poopa kuti nthawi yake si ino, munaziyankha kuti, "Tikameta ndibwera. Ana amenewa ndinkawaphikira phala pakhomo pano, ndikuwadziwa mmodzimmodzi." Mawu amenewo atilimbitsa mtima ife amene tinabwera kudzakulimbitsani.

M'malo mwa komiti ndi mamembala onse a Mgwirizano wa Alimi a Mpunga, kuyambira kumtunda kuno mpaka ku Chisi, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu mayi, kwa ana anu Lucy ndi Enoki, kwa abale onse, kwa aphunzitsi anzawo, ndi kwa ana a sukulu amene atsala akuyang'ana mpando wopanda munthu. Munda wanu wa kudambo mamembala adzaulima ndi kuuwokera chaka chino, ndipo musadzachite manyazi kutiitana pa vuto lililonse. Mulungu amene anakubwerekani munthu ameneyu akupatseni mphamvu zopirira masiku ano, ndipo mzimu wa Aphunzitsi Edwadi Namakhwa uuse mumtendere, pakuti ntchito yawo yatsala m'manja mwa anthu amene sadzaigwetsa.

Ndine wanu pachisoni chimenechi,

Meshack Likoswe
Wapampando