Abambo Ako Anaima Pakati pa Ulaliki

Wokondedwa mwana wanga Brenda,

Kaya ukudzuka bwanji ku Zomba kumeneko? Kuno ku Nsaru tili bwino, bondo langa lokha lija ndilo silikumva mankhwala.

Tandikumbutsa zimene unkatifotokozera patchuthi tikuswa mtedza pakhonde. Unati kompyuta simva zimene mumailembera, imangodziwa ziro ndi wani, ndiye pakati pamakhala pulogalamu yomasulira. Unatinso omasulirawo alipo awiri. Wina amamasulira kaye zonse mpaka kumapeto, ndipo cholakwika amakuuziratu ntchito isanayambe. Winayo amamasulira mzere umodzi, makina n'kuchita, kenako mzere wina, koma akakumana ndi chomuvuta amaima pomwepo. Ndagwira bwino, eti? Tsiku lija ndinkangoti nkhani za ana asukulu, koma pano sizikuchoka m'mutu mwanga.

Ukudziwa kuti abambo ako anayamba kumasulira ulaliki wa ansembe achilendo iwe usanabadwe. Tsopano makutu ayamba kuwathawa. Lamulungu lapitali ansembe atsopano ochokera ku India analankhula, abambo ako n'kungoti kukamwa yasa. Ansembe anabwereza, iwo osamvabe. Ine maso pansi, chisoni chitandigwira. A Boniface a komiti ya tchalitchi anena kuti zikachitikanso asankha wina.

Ndinawauza abambo akowo kuti azikapempha ulalikiwo Loweruka, aziumasulira wonse kunyumba, povuta azifunsiratu. Anandiyankha kuti womasulira weniweni sanyamula pepala, ndipo kuti ine ndizisamala za kwaya. Liuma limenelo ukulidziwa, ndi lomwe unatengera iwe.

Ndiye tandiuza, kodi womasulira zonse kaye uja, kusukulu kwanuko mumamuyesa wamantha? Pa ntchito zikuluzikulu aphunzitsi ako amadalira uti? Ndikufunadi kudziwa.

Koma chachikulu, uwaimbire foni abambo ako Loweruka lisanafike. Iwe amakumvera, makamaka ukamanena za makina. Uwafotokozere za awiriwo ngati ukungocheza, dzina langa usalitchule. Akawachotsa kutsogolo kuja, ndikuopa kuti munthuyu adzangokhala pakhomo n'kutikalambira tikuona.

Ngati yankho lenileni likukomera iwo, unameko pang'ono, mwana wanga. Tchimolo ndikalapa ndine.

Undiperekere moni kwa azakhali ako a Rozaria ukapita ku Chinamwali. Ambuye akusunge pamaphunziro ako.

Ndine mayi ako,
Cecilia