Adandilonjeza kumanda, malo anga agulitsa

Aphungu,

Ndineneretu kuti sindikulemba kuti mundiuze zosiya sukulu. Zimenezo ndamva kale kunyumba ndipo zandikwana.

Ndine mayi wa zaka 46, ndipo unamwino ndaugwira zaka zoposa makumi awiri. Chaka chatha ndinayamba maphunziro oti ndikhale namwino wa chilolezo chapamwamba, uja amaona odwala payekha, kuwayeza ndi kuwalembera mankhwala. Chinandiyambitsa ndi imfa ya bambo anga, a Orval. Kuno kwathu kiliniki inatsekedwa kalekale, dokotala wapafupi ndi mmodzi, ndipo kuti akuone umadikira milungu. Bambo anadikira ndi bala la shuga kuphazi mpaka mwendo unadulidwa, kenako tinawaika m'manda. Ndinalumbira kuti ndidzatsegula kachipatala m'sitolo yawo yakale ya zitsulo imene anandisiyira.

Ndatenga kale ngongole ya madola 31,000 ya fizi ndi mabuku. Masiku a ntchito ndinachepetsa, malipiro nawo anatsika. Zimenezo ndinaziwerengera. Chandipweteka n'chakuti sukulu yathu, imene timaphunzira pakompyuta, sikupezera wokuyang'anira pa maola mazana asanu ophunzira pa odwala enieni. Umadzisakira wekha. Ukapanda kupereka dzina lake pofika Disembala, Januwale sulowa, umakhala chaka chonse ngongole ikubereka.

Ine sindinkada nkhawa chifukwa ndinali ndi lonjezo. Tsiku la maliro, tili kumanda, Dr. Ketterman, dokotala mmodzi yekha uja, mnzawo wa bambo wowedza naye nsomba, anandigwira paphewa n'kunena kuti: "Mwana wa Orval, ikadzakwana nthawi ya maola aja usadzavutike, udzabwere kwa ine."

Mwezi watha ndinapita ndi mapepala. Sanandipatse ndi mpando womwe. Anati: "Ophunzira amandichedwetsa, mwana wanga. Odwala ndimaona ochepa, ndipo magetsi salipiridwa ndi chisoni. Malo ndapatsa kale wina." Winayo ndi mtsikana wa ku St. Louis amene analipira kudzera ku makampani aja amasakira ophunzira owayang'anira. Ndinafunsa kuti: "Adokotala, nanga mawu a kumanda aja anali a ndani?" Anaseka n'kuti: "Pamaliro aliyense amalankhula zabwino."

Ndinatuluka, koma misozi sindinawapatse. Ndinachita zimene ophunzira tonse timachita: kuphika buledi wa nthochi n'kumayenda naye m'makiliniki akutali kukapempha madokotala. Ndayenda mpaka matayala aperepeseka. Atsikana a pakauntala amalandira buledi, amathokoza, amati "tikuimbirani", foni zii.

Imodzi mwa makampani aja ikufuna madola 7,000 kuti indipezere munthu. Amuna anga, a Hoyt, amene amayendetsa thiraki ya thonje, akuti: "Iwe, ngongole imeneyi udzamaliza ukuyendera ndodo, wodwala wako woyamba udzakhala iwe wemwe. Gulitsa chisitolo cha makoswecho, ubweze za anthu, ubwerere kuntchito." Ndinawafunsa kuti: "Nanga boti lanu la ngongole lija lachiritsa ndani?" Kuyambira tsiku limenelo timangopatsana mchere patebulo.

Ndamanga mfundo ziwiri. Yoyamba, ndalama za kampaniyo ndilipira ndithu. Mundithandize pamenepa: nditape ndalama za penshoni, kapena ndigulitsedi sitoloyo koma ndalama zake zipite kusukulu? Yachiwiri, Lachitatu likubwerali pa chakudya cha mpingo, pamene adokotalawo monga mkulu wa mpingo amadalitsa mbale, ndiimirira ndiuze anthu onse zimene anachita. Pa imeneyi sindikufuna malangizo, ndikungokudziwitsani.

D.O.R., Pruett Bend, Missouri

Mayi D.O.R.,

Mtima pansi, sukulu sindikuletsani. Munthu amene wathera matayala ndi nthochi pa nkhani imodzi sangaleke chifukwa cha kalata ya m'nyuzipepala, ndipo ine sindikufuna kuti muleke. Zaka 46 si matenda.

Mwafunsa kuti penshoni kapena sitolo. Zonse ayi. Sitoloyo ndiyo cholinga cha ulendo wonse. Mukaigulitsa mudzakhala ndi chilolezo chopanda khomo. Penshoni mukaitapa pa msinkhu wanuwu, a msonkho alumapo, chindapusa chilumaponso, ndipo mudzailira mutakalamba.

Buledi wanu wadyedwa ndi anthu olakwika. Mwakhala mukugogoda kwa madokotala okha, pomwe anamwino amene ali kale ndi chilolezo chimene mukufunachi amayang'aniranso ophunzira. Iwowo anadutsa momwemo, anaphikapo buledi wawo, ndipo sakana msanga. Lowani bungwe lawo la m'chigawo chanu, mupite kumsonkhano ndi miyendo yanu, mupemphe pamaso. Kuntchito kwanu muonane ndi mkulu wa anamwino; zaka makumi awiri zimenezo zikulankhulireni, ndipo mufunse ngati ali ndi thumba lothandizira antchito amene ali pasukulu. Kusukulu muimbe foni, osati kulemba uthenga, muwafunse mayina a anthu amene anayang'anirapo ophunzira akale, komanso ngati maolawo mungawagawe kwa anthu awiri kapena atatu. Munthu amene akuopa maola mazana asanu amavomera zana limodzi.

Novembala akafika pakati musanapeze aliyense, lipirani kampaniyo, koma teremu yoyamba yokha, ndipo muwerenge bwino ngati amabweza ndalama akalephera. Funsaninso za mapulogalamu amene amathandiza kubweza ngongole ya sukulu kwa ogwira ntchito m'madera osowa madokotala. Kwanuko kukumveka ngati dera lotero.

A Hoyt pakamwa pawo m'poyabwa, koma ndikuona kuti ndi mantha, si chipongwe. Akuona ndalama zikutuluka osadziwa pomwe zidzathere. Khalani nawo pansi muwauze zonse zotsala, osabisa kalikonse: mayeso omaliza, chilolezo, chiphaso cholembera mankhwala okhwima, inshuwalansi yokutetezani wodwala akakusumirani. Akaona malire ake, nkhani ya boti ija mudzaiyambenso, koma mwaulemu. Mwina botilo litagulitsidwa lingachiritse munthu ndithu.

Tsopano pali mtengo umodzi umene simunautchule, ndipo ndi umene wandichititsa kuti ndilowerere pa mfundo yanu yachiwiri ngakhale mwandiletsa. Kwanuko namwino wa chilolezo chimenechi amafunika kukhala ndi mgwirizano wosainirana ndi dokotala kuti azilemba mankhwala, ndipo madokotala ambiri amalipiritsa mwezi ndi mwezi. Dokotala wapafupi mwandiuza nokha kuti ndi mmodzi. Mwamuzindikira?

Mkwiyo wanu ndi woyenera. Zimene anachita bamboyo n'zochititsa manyazi, ndipo kuseka kuja kwandinyansa inenso. Koma mukaimirira Lachitatu, anthu adzakuomberani m'manja chamumtima, mudzapepukidwa tsiku limodzi, kenako mudzapeza kuti mwakhoma nokha chitseko cha sitolo ya bambo anu. Madokotala ena amene mungadzawapemphe nawonso adzamva kuti mayi uja amaweruza milandu m'tchalitchi.

Pitani kuchakudyako mutatchena, buledi wanu m'manja. Akadalitsa mbale, nenani ameni mokweza. Mawa lake mupite ku ofesi kwawo, mudzikokere nokha mpando, muwauze kuti: "Adokotala, malo a wophunzira munagulitsa, zatha. Sukulu ndimaliza popanda inu. Koma m'sitolo ya a Orval mudzakhala kachipatala, ndipo ndikufuna kudziwa lero ngati mgwirizano wake mudzasaina, ndi mtengo wake." Akudziwa kuti ali ndi mangawa kwa mnzawo amene ali m'manda. Akakana, mwadziwiratu nthawi ilipo, muyambe kusaka wina.

Chenjezo langa ndi ili: akavomera, musatuluke ndi kugwiridwa paphewa kokha. Lonjezo loyamba munalilandira kumanda, ndipo mwaona mmene lathera. Lachiwirili likhale papepala, dzina lawo pansi, ndipo cholembera mupite nacho chanu.

Aphungu