Nyali yachikasu

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira kwambiri, koma mtima uli m'malo.

Lero ndagula nyali ya njinga. Chigwereni mu ngalande sabata yatha pochokera kuntchito, mayi a Chisomo anandiuza kuti akadzandionanso nditaluma foni kukamwa kuti indiwunikire njira, njingayo aitsekera kuchipinda. Mkazi wangayu saopseza chabe.

Kumsika wogulitsa anandionetsa nyali ziwiri, yaikulu yoyera mbee ndi ina yaing'ono yachikasu. Masana mphamvu ya nyali siioneka, ndiye anandifunditsa jekete lake kumutu kuti ndiziyese mumdima. Bambo wa tayi ngati ine, kuwerama pakati pa msika ngati wodzifukiza bulugamu! Amayi a tomato anaseka mpaka misozi.

Ndinali nditaloza kale yaikulu ija. Mkulu wina wa kabaza amene amapopa tayala pambali anati, "Dada, ndinu achilendo ku Mzuzu eti? Yoyerayo m'chifunga cha kuno imakubwezerani kuwala m'maso. Tengani yachikasu, ndipo muiweramitse. Maenje ali pansi, osati m'mitengo." Ndinangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, n'kumvera.

Pobwerera kunyumba ku Nkhorongo madzulo, chifunga chinali chitatsika kale, koma dzenje lililonse ndimaliona lisanandipeze. Ngalande yanga ija ndinaipatsa moni podutsa.

Mayi a Chisomo ndinawapeza pageti atafunda chitenje, akundidikira. Anayang'ana nyali, n'kuyang'ana ine.

"Chabwino, inu mukuona. Nanga minibasi yobwera kumbuyo kwanu ikuonani ndi chiyani?"

Mawa jekete lija likundidikiranso, kukayesa nyali yakumbuyo.